Kuseka Nako N'kuphunzira: Galamala wa Chichewa M'ndakatulo Zoseketsa

Pakati pa maphunziro onse amene ana athu amakumana nawo ku pulayimale, palibe limene limadabwitsa makolo ngati phunziro la malamulo a chiyankhulo cha Chichewa. Mwana amene amayankhula Chichewa kuyambira m'mawa mpaka usiku, amene amatha kutsutsana ndi kondakitala pa siteji ya ku Limbe, kapena kunenerera mtengo wa tomato mumsika wa Ndirande osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, yemweyo akafunsidwa pa mayeso kuti atchule mgwirizanitsi m'chiganizo amangoti kakasi, pensulo ili kukamwa. Makolo amati mwanayo ndi waulesi, aphunzitsi ena amati ana a m'tauni adataya chiyankhulo chawo, ndipo mwini wakeyo amangotsimikiza mumtima kuti Chichewa cha m'kalasi ndi chilombo china, chosiyana ndi chimene amayankhula kwawo. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti vuto lagona pa khomo limene timalowetsera galamala kwa ana, ndiponso kuti ndakatulo yaifupi yoseketsa ndi khomo labwino limene mphunzitsi aliyense angathe kulitsekula popanda kugula kanthu.

Tiyeni tiyambe taona kumene njira yathu yophunzitsira idachokera. Mzinda uno wa Blantyre uli ndi mbiri yaitali pa ntchito yolemba chiyankhulo chathu. Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, ndipo m'chaka cha 1892 mbusa David Clement Scott, yemwe uja adamangitsa tchalitchi cha St Michael and All Angels, adatulutsa buku lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja. Mnzake Alexander Hetherwick adalemba buku lophunzitsira Chinyanja limene lidatuluka m'chaka cha 1901, ndipo m'chaka cha 1929 adakonzanso ndi kukulitsa buku la Scott lija. Kutali ku America, Mark Hanna Watkins adasindikiza galamala wa Chichewa m'chaka cha 1937, ndipo amene adamuthandiza pomupatsa mawu ndi ziganizo adali Hastings Kamuzu Banda, pa nthawi imene ankaphunzira ku Chicago. Ntchito zonsezi n'zofunika kwambiri ndipo tiyenera kuzilemekeza. Komabe tisaiwale kuti zidalembedwa m'Chingerezi, polembera anthu amene Chichewa sadachiyamwe. Munthu wotere khutu lake silingamuuze kuti apa palakwika, motero ayenera kuyamba waloweza lamulo, kenaka n'kuona chitsanzo.

Pamsonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa m'chaka cha 1968 padagamulidwa kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko lonse. M'chaka cha 1972 padakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene lidatulutsa malamulo a kalembedwe m'zaka za 1973, 1980 ndi 1990, ndipo ntchito yake idapitirizidwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira m'chaka cha 1996. M'nyengo imeneyi mabuku a galamala olembedwa m'Chichewa chenicheni adafika m'manja mwa aphunzitsi, monga buku la I.A.J. Nankwenya, ndipo mayina okoma monga dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlowam'malo ndi mvekero adakhazikika m'makalasi. Chimene chidatsalira ndi ndondomeko ya mlendo ija. Mphunzitsi alemba tanthauzo pa bolodi, ana aliloweza mofuula, apatsidwa zitsanzo zitatu, kenaka ntchito yolemba. Tikuphunzitsa mwini chiyankhulo ngati kuti wangotsika ndege pa Chileka dzulo.

Kunena zoona, mwana wa zaka zinayi amadziwa kale mbali yaikulu ya galamala wa Chichewa, kungoti sadziwa mayina a zimene akudziwazo. Amene akukayika ayesere kunena pamaso pa mwana wotere kuti, "Galu changa zathawa." Mwanayo adzaseka, ndipo mwina adzakukonzani. Kuseka kumeneko ndi umboni wakuti lamulo lili m'khutu mwake, pakuti munthu saseka kuthyoka kwa lamulo limene salidziwa. Tsono ntchito ya mphunzitsi ndi kuitana lamulo lobisikalo kuti litulukire poyera, mwana alione, ndipo pomaliza alipatse dzina lake. Ndakatulo yoseketsa imachita ntchito imeneyi mwachangu chifukwa ndi yaifupi, imabwereza chinthu chimodzi kangapo, ndipo imakhala m'mutu popanda kukakamiza.

Titenge chitsanzo cha magulu a mayina ndi agwirizanitsi awo, mutu umene umazunguza ana ambiri a Sitandade 6 ndi 7. Akatswiri a ziyankhulo amawerenga magulu ameneŵa mpaka nambala 18, koma mabuku a sukulu amawaika awiriawiri monga Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi ndi Ka-Ti. Mmalo moyamba ndi mndandanda umenewu, mphunzitsi alembe pa bolodi ndime iyi:

Chimbuzi china chonenepa cha ku Bangwe
Chidakwera minibasi chitavala chipewa;
Chitafika ku Limbe chidakana kulipira,
Chidati, "Ine ndine katundu, funsani mbuyanga."

Ana akatha kuseka, mphunzitsi afufute dzina loyambalo, alembe kuti "kambuzi", ndi kuwapempha kuti alakatulenso. Popanda wowauza adzati kambuzi kena konenepa ka ku Bangwe kadakwera minibasi katavala chipewa. Akawapatsa "timbuzi" adzati tina tonenepa ta ku Bangwe tidakwera, ndipo akawapatsa "zimbuzi" adzati zina zonenepa za ku Bangwe zidakwera. Apa ndi pamene mphunzitsi afunse kuti ndi mawu angati amene asintha potsatira dzinalo. Ana akawerenga adzapeza asanu ndi atatu. Afunsenso chifukwa chake "chipewa" sichidasinthe, ngakhale kuti nachonso chikuyamba ndi "chi". Ana ochenjera adzaona kuti chipewa ndi dzina palokha, lokhala ndi gulu lakelake, ndipo silimvera lamulo la mbuzi. Amene adanena kuti "kapewa" sadalakwe Chichewa, koma adachepetsa chipewacho, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yokoma kuikambirana. Zikafika apa, liwu lakuti "mgwirizanitsi" limagwera pa nthaka yolimalima kale. Mphunzitsi wanzeru angathenso kuonjezera phunziro la kalembedwe pofunsa chimene chingachitike munthu ataika lembo la "d" pakati pa dzina loyamba lija. Ana a Sitandade 6 sadzaiwalanso kusiyana kwa mawu awiriwo mpaka kukalamba.

Mutu wina wolemera ndi wa msintho wa aneni. Chichewa, monga ziyankhulo zina za Chibantu, chimatha kutenga mneni mmodzi ndi kumusintha tanthauzo pomuphatikira timaphatikizo kumapeto kwake. Tamvani m'mene mneni "phika" akuyendera m'ndime iyi:

Achimwene a ku Ndirande adaphika nyemba,
Adaphikira alendo ochokera ku Zingwangwa;
Adaphikitsa mlamu wawo, iwo n'kukagona.
Nyemba zidaphikidwa, koma sizidaphikike,
Alendo pochoka adati, "Tisadzaphikiranenso."

Nthabwala yonse yagona pa mzere wachinayi, ndipo mwana amene waseka pamenepo wamvetsa kale kusiyana kumene mabuku amakufotokoza m'masamba awiri. "Kuphikidwa" kukutiuza kuti alipo amene adagwira ntchitoyo, pamene "kuphikika" kukunena za m'mene chinthucho chidathera. Mphunzitsi angofunsa kuti, "Nanga nyemba zingaphikidwe bwanji osaphikika?" ndipo ana adzafotokoza okha, ena mpaka kutchula za makala onyowa. Atatero awapatse mneni wina, monga "meta", kuti apeke ndime yawo ya wometa wa ku Chirimba. Adzanena kuti adametera, adametetsa, lidametedwa, silidameteke. Tsono afunse chifukwa chake tikuti "phikira" koma "metera", "gulira" koma "gonera". Akayesa aneni khumi kapena khumi ndi awiri, ana adzatulukira okha kuti pamene lembo la liwu lomaliza m'muzu wa mneni lili a, i kapena u, chotsatira chimakhala ndi i, koma pamene lili e kapena o, chotsatira chimakhala ndi e. Lamulo limene mwana walifukula yekha amalisunga ngati ndalama imene waigwirira ganyu.

Pali chinthu chinanso m'Chichewa chimene kalembedwe kathu sikachionetsa, ndicho kukwera ndi kutsika kwa liwu potchula mawu. Timalemba "mtengo" mofanana, kaya tikunena za chomera kapena za ndalama zogulira chinthu, ndipo "khungu" la pathupi limalembedwa chimodzimodzi ndi "khungu" la kusaona. Pakamwa mawu ameneŵa samveka mofanana, koma pa pepala owerenga ayenera kusankha okha. Ndime iyi ingathandize:

Mlendo adafunsa pamsika wa Blantyre,
"Mayi, mtengo wa mango ndi wotani?"
Mayi adati, "Ngwautali, wamasamba obiriwira."
Mlendo adati, "Komatu ndamva kuti wakwera."
Mayi adati, "Wakwera ndi mwana wanga, mtengo uli pomwepo."

Ana awiri aime kutsogolo, wina akhale mlendo, wina akhale mayi, ndipo kalasi yonse imvetsere m'mene aliyense akutchulira liwulo. Mkangano umene udzabuke pamenepo ndi phunziro lokwanira la tsiku limenelo. Ana adzazindikira kuti tanthauzo la liwu lolembedwa limadziwika ndi mawu oyandikana nalo, ndipo luso limeneli ndi lomwe lija limafunika poyankha mafunso a kumvetsa nkhani pa mayeso a Sitandade 8.

Sitingakambe za kukoma kwa Chichewa osatchula mvekero, mawu aja amene amajambula mtundu, phokoso kapena kayendedwe ka chinthu. Ana amaudziwa mvekero kuposa akuluakulu, chifukwa nkhani zawo za pabwalo la mpira sizitha popanda iwo. Nayi ndime yoyesera:

Bakha wa ku Chilomoni adavala suti yoyera mbee,
Adayenda dzandidzandi kunka ku ukwati;
Pa mlatho wa Mudi phazi lidaterereka,
M'madzi chubwi! Adavuuka ali bii.
Anzake onse adangoti zii,
Iye adati, "Ndasintha dala, yakuda ndiyo yaulemu."

Mphunzitsi auze ana kuti achotse mbee, dzandidzandi, chubwi, bii ndi zii, aike mawu wamba m'malo mwake, ndipo awerengenso. Adzaona kuti nkhani ikadalipo koma yazizira ngati nsima ya dzulo. Pamenepo ntchito ya mvekero yadziwika, ndipo chatsala n'kugawa kuti uwu ukunena za mtundu, uwu za phokoso, uwu za kayendedwe.

Wina angaganize kuti zimenezi ndi zachibwana zosayenera m'kalasi. Mbiri ya maphunziro ikutsutsa ganizo limeneli. Cha m'ma 1199, Alexander wa ku Villedieu adalemba galamala wa Chilatini m'mizere ya ndakatulo, ndipo buku lakelo lidagwiritsidwa ntchito m'sukulu za ku Ulaya kwa zaka mazana atatu. Ibn Malik, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adaika malamulo a Chiarabu m'ndakatulo ya mizere pafupifupi 1,000 yotchedwa Alfiyya, ndipo ophunzira Chiarabu m'maiko ambiri amailowezabe. Akuluakulu ameneŵa adadziwa kuti chimene chili ndi kayendedwe ka nyimbo sichituluka msanga m'mutu. Mbali ya nthabwala idakula kwambiri ku Mangalande, kumene Edward Lear adatulutsa buku lake la ndakatulo zopanda mutu m'chaka cha 1846, ndipo Lewis Carroll m'chaka cha 1871 adasindikiza ndakatulo ya Jabberwocky, yodzaza ndi mawu opeka amene owerenga amatha kuwazindikira kuti ili ndi dzina, uyu ndi mneni, chifukwa cha malo ake m'chiganizo. Ngakhale pakati pa akatswiri athu, aliyense wotsekula buku la Sam Mchombo lofotokoza kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, limene lidatuluka m'chaka cha 2004, adzapezamo anyani, afisi ndi mikango zikuchita ntchito za anthu m'zitsanzo zake. Ngati buku lowerengedwa m'mayunivesite silichita manyazi ndi nyani, kalasi ya ku Mbayani ingachitirenji manyazi ndi bakha?

Njira ya mawu opeka imagwira bwino ntchito m'Chichewa. Lembani pa bolodi kuti, "Zinjolopita zitatu zidafwembula timbwalasi tathu." Palibe amene adaonapo chinjolopita, komabe ana adzakuuzani kuti zidalipo zitatu, kuti chimodzi ndi chinjolopita, kuti zimenezi zidachitika kale, kuti timbwalasi ndi tating'ono, ndiponso kuti kambwalasi kamodzi kadafwembulidwa. Mwana akayankha zonsezi amaona ndi maso ake kuti galamala ndi mafupa amene amaimika chiganizo, ngakhale mnofu wake utakhala wachilendo.

Palinso zifukwa zina zimene zikuchititsa kuti njirayi iyenerere sukulu za mumzinda uno. Chiyambire m'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo, makalasi a m'tauni akhala odzaza, kotero kuti si chachilendo kupeza ana oposa 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Buku limodzi limagwiridwa ndi manja ambiri, ndipo kuchonga makope onse tsiku lililonse ndi ntchito yothyola msana. Ndime ya mizere inayi imafuna choko chokha, imafika kwa mwana wokhala kumbuyo kwenikweni, ndipo mphunzitsi amamva pompo ngati kalasi yagwira mfundo, pakuti kuseka sikunamizika. Chinanso n'chakuti ana a mu Blantyre amachokera m'makomo a ziyankhulo zosiyanasiyana: ena kwawo amamva Chiyao, ena Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, ndipo ena amaphunzira m'sukulu zimene Chingerezi chokha ndicho chimamveka. Mwana amene khutu lake la Chichewa silinakhwime amapindula polakatula pamodzi ndi anzake, chifukwa amamva agwirizanitsi olondola kasanu ndi katatu m'mphindi imodzi popanda kuimitsidwa payekha kuti achite manyazi.

Komabe mankhwala aliwonse ali ndi muyeso wake, ndipo pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba, nthabwala isagwere mwana. Ndakatulo yoseka katchulidwe ka mtundu wina wa anthu, chibwibwi, chilema, umphawi kapena dzina la munthu wa m'kalasimo imaphunzitsa chipongwe, ndipo mwana amene wasekedwayo amatseka pakamwa chaka chonse. Ndi chifukwa chake makolo athu ankasenzetsa zopusa zonse Kalulu, Fisi ndi Kamba m'nthano zawo, kuti anthu aseke popanda wina kupita kwawo akulira. Chachiwiri, ndime imodzi inyamule mfundo imodzi. Mukaika agwirizanitsi, nthawi za aneni ndi zizindikiro za m'kalembedwe m'ndime imodzimodzi, ana adzakumbukira mbuzi yokha. Chachitatu, phunziro lisathere pa kuseka. Bungwe la mayeso la MANEB silidzafunsa ngati mwana adaseka, lidzafuna dzina la chinthucho ndi ntchito yake. Tsono ndondomeko yabwino ndi iyi: ana amve ndi kulakatula, asinthe ndimeyo okha, anene chimene aona, mphunzitsi apereke dzina lake, ndipo pomaliza aliyense alembe m'kope tanthauzo lalifupi pamodzi ndi mzere umodzi wa ndakatulo ngati chitsanzo. Zonsezi zingatheke m'chigawo chimodzi cha phunziro.

Funso limene aphunzitsi ambiri angafunse n'lakuti ndakatulo zoterezi azitenga kuti. Yankho ndi lakuti azipeke okha, ndipo sizifuna mlakatuli wotchuka. Dziko lino lili ndi mwambo wautali wa ndakatulo, kuyambira kwa E.J. Chadza ndi J.W. Gwengwe, kufikira kwa Benedicto Wokomaatani Malunga ndi achinyamata ambiri amene timawamva pa wailesi, motero ana adazolowera kale kumva mawu oyalidwa m'mizere. Wopeka ayambe wasankha lamulo limene afuna kuphunzitsa, asankhe nyama kapena chinthu chopanda moyo, achiike pa malo amene ana amawadziwa, kaya ndi pa Ginnery Corner, pa Kamba kapena pokwerera basi pa Wenela, achichititse zimene sichingachite, ndipo asunge chodabwitsa mpaka mzere wotsiriza. Mizere isapitirire isanu ndi umodzi. Aphunzitsi a sukulu imodzi, kapena amene amakumana pamalo awo a maphunziro a m'dera, atamasinthana ndime ziwiriziwiri pa teremu, pakutha pa chaka angakhale ndi kope lokwanira mitu yonse ya m'silabasi. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu anzathu amene mwatsiriza Folomu 4 ndipo mukudikira zotsatira, malo ku koleji kapena ntchito, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Ambiri mwa inu muli ndi ang'ono anu amene amabwera madzulo ndi ntchito ya Chichewa imene yawakanika, ndipo ena mukuthandiza kuphunzitsa m'sukulu za m'dera lanu. Yesani kupeka ndime imodzi pa sabata. Mudzaona kuti pofuna kuseketsa mwana ndi msintho wa aneni muyenera kuyamba mwaumvetsa bwino inu eni, ndipo phindu limeneli mudzapita nalo ku Blantyre Teachers' College kapena kulikonse kumene mudzalowere. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amene waphunzira ali wamng'ono kuti chiyankhulo chake chili ndi malamulo okongola, ndiponso kuti iye amawadziwa kale, sadzachinyoza akadzakula, ndipo pophunzira galamala wa Chingerezi adzakhala ndi poyerekezera.

M'gawo lotsatira tidzaona m'mene zilapi ndi mawu opinda lilime zingathandizire ana a Sitandade 1 mpaka 4 kusiyanitsa maphatikizo ovuta monga "pa" ndi "pha", "ta" ndi "tha", "nga" ndi "ng'a".